Kuchoka ku Chizumulu pa Ilala n'kukapeza basi ya ku Joni m'mawa mwake, n'zotheka?

Bambo a Tadala, Turffontein

Moni nonse. Safunsa anadya phula, ndiye ndati ndibwere nayo pano nkhani yomwe yatiyambanitsa m'nyumba sabata ino, mwina anthu a kunyanja mutiweruze.

Ine kwathu ndi ku Dedza, cha ku Linthipe. Madzi amene ndinakulira nawo ndi a mumtsinje, olekeza m'mawondo. Mayi a Tadala kwawo ndi ku Chizumulu, kachilumba kaja kali pafupi ndi Likoma. Tinadziwana konkuno ku Joni, chinkhoswe tinakachitira ku Mzuzu chifukwa amalume anga anakaniratu zokwera sitima, ndiye ineyo pachilumbapo sindinapondepo. Ndikudziwa kuti n'zochititsa manyazi, musachite kundikumbutsa.

Pano mayiwa ndi oyembekezera, ndipo kuchipatala atiuza kuti mlendo afika kumapeto kwa Julaye. Pa Tadala tinavutika tokha. Ine ndinkalawirira kuntchito 5 koloko, iwo n'kutsala ndi khanda m'kachipinda, wowatenthetsera ngakhale madzi osamba panalibe. Ulendo uno tagwirizana kuti apongozi abwere adzasamale chikuta. Pasipoti ali nayo, anatenga chaka chatha.

Nkhani ili apa. Mnzanga wa ku Ekwendeni amene timagwira limodzi ntchito yoika matailosi ali kumudzi, ndipo akubwerera Lamulungu lachiwiri la Julaye pa basi yonyamukira ku Mzuzu m'mawa. Wavomera kuwatenga apongozi ngati mayi ake mpaka pa Park Station, depoti ya mabasi kuno ku Joni. Kwa ine umenewu ndi mwayi, chifukwa iwo sanatulukepo m'dziko, Chingerezi n'chochepa, ndipo za pachipata cha Beitbridge, polowera ku South Africa, tonse tikuzidziwa. Ndafufuza, akuti sitima ya Ilala imadutsa pa Chizumulu Loweruka madzulo n'kufika pa Nkhata Bay usiku womwewo. Kuchoka pa Nkhata Bay kukafika ku Mzuzu ndi makilomita osakwana 50. Ndiye ndikawerengera, atsika sitima usiku, m'bandakucha akwera minibasi, 7 koloko ali pa depoti. Chavuta n'chiyani pamenepa?

Mayi a Tadala akuti ndapenga. Akuti mayi awo awolokeretu Loweruka linalo, kutatsala sabata yathunthu. Ine ndikuti masiku onsewo akagona kuti, akadya chiyani, ndalama zake ndizitenga kuti pomwe tikusunga za matewera? Iwo akangoti "nyanja simuidziwa inu", basi nkhani yathera pomwepo, atembenukira kukhoma.

Kafunso kena: pamapu zilumbazi zikuoneka kuti zili m'madzi a Mozambique. Pokwera sitimapo amafunsa pasipoti?

Mwana wa pa Chipyela, Rosettenville

Alamu, poti munakwatira kwathu ndikutchani choncho. Ndiyambe ndi kafunso kanuko: pasipoti sifunika. Likoma ndi Chizumulu zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, inde, ukaima kwathu mapiri a ku Cobue umawaona ngati ungawakhudze, koma zilumbazo ndi Malawi, boma lake ndi Likoma. Kupita ku Nkhata Bay kuli ngati inu kuchoka ku Dedza kupita ku Lilongwe. Pasipotiyo angoikulunga m'pulasitiki kawiri n'kuibisa m'kati mwa zovala, chifukwa chake muchimva m'munsimu.

Pa nkhani yaikuluyo achemwali akunena zoona. Masamu anuwo ndi omwe ndinachita ine chaka china mwezi wa Juni, ndipo anandidyera tikiti ya basi.

Sitimayo siyambira pa Chizumulu. Imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu n'kumaima m'madoko ikukwera kumpoto, ndipo paliponse pamene yaima sichoka mpaka katundu wa pamenepo atatha kutsika ndi kukwera. Pa Likoma ndiye pamatsika dziko lonse: matumba a chimanga, simenti, malata, shuga, makireti a zakumwa, ngakhale nkhuni ndi makala, poti kwathu nthaka ndi yamiyala ndipo mitengo yotchuka ndi malambe. Ola limodzi latayika uku, awiri atayika uko, zonsezo zimakaunjikana pa apongozi anu, chifukwa Chizumulu ndi pomaliza kuima isanawolokere ku Nkhata Bay. Nthawi yolembedwa papepala ija ndi ya tsiku limene nyanja yagona. Mu Julaye sigona kawirikawiri. Ndi pakati penipeni pa mwera, mphepo ya kummwera imene imayamba cha mu Meyi n'kumavutabe mpaka Ogasiti, ndipo popeza nyanja yathu ndi yaitali kuchoka kummwera kupita kumpoto, mafunde akamafika kwathu amakhala atakula kale.

Ulendo umenewo ndinakagona kwa azakhali ku Chizumulu kuti ndikwerere kumeneko. Loweruka dzuwa likupendeka tinatsikira kugombe ndi katundu. Tinakhala. Kunada. Ana anagona pamchenga atawafunditsa zitenje, azimayi a usipa atatsamira madengu awo, mphepo ikutilowa m'mafupa. Wina amati yanyamuka pa Likoma, wina amati bodza, ikadatsitsa simenti. Hutala inadzalira atambala atalira kale kachiwiri.

Mmene ndinkakwerera ine, sitima inkaima patali, yaponya nangula, n'kutsitsa maboti ake awiri a injini kudzatenga anthu. Boti silifika pouma. Umalowa m'madzi katundu ali pamutu, madzi m'ntchafu, funde likabwera m'chiuno. Pali anyamata amene amabereka anthu ukawapatsa kangachepe, ndipo musaseke, ndinaonapo bambo wa jekete ndi tayi ali pamsana pa kamnyamata, nsapato zili m'manja, nkhope ili yaulemu ngati ali muofesi. Povuta penipeni ndi pamene boti lafika m'mbali mwa sitima. Sitima yaima ngati khoma, boti likukwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, popondera paja pano pali pamawondo pako, kuphethira kamodzi pali pamwamba pa mutu. Umadikira funde likukweze, n'kuponda, wantchito wa m'sitima n'kukugwira padzanja n'kukukokera m'kati. Ukazengereza funde lapita, udikire lina, kumbuyo anthu akukukankha, ana akulira. Patapata wanga wakumanzere anatsalira pomwepo, ndinamuona akuyandama kulowera ku Mozambique.

Kuwoloka kwenikweniko nyanja ikakhala bwino ndi maola atatu kapena anayi. Tsiku limenelo sindinawerenge, ndinali kalikiliki ndi kusanza. Tinafika pa Nkhata Bay Lamulungu dzuwa lili pamutu. Nditayatsa foni ndinapeza kondakitala anaimba kasanu, basi inali itadutsa kale pa Jenda. Kampani yake sinditchula, koma anandiuza kuti tikiti yapsa, ndigule ina. Kuntchito ndinachedwa masiku anayi, abwana anandidula malipiro, ndipo nkhani ya mwera atamva anangondiyang'ana.

Palinso masabata ena Ilala imakhala ili ku Monkey Bay kokonzedwa, n'kubwera Chilembwe m'malo mwake, kapena masiku kusintha. Zoterezi amayamba kuzidziwa ndi anthu a pachilumba pomwepo, osati ife a kuno, ndiye alamu anu aamuna azifunsa sabata ndi sabata. Maboti amatabwa owoloka pakati pa sabata alipo, ine ndakwerapo, koma mu Julaye mayi anga sindingawakweze.

Wa ku Mbamba, Diepsloot

Koma musawaopseze kwambiri akuluwa. Ine ndinachitapo zomwezo, sitima inafika pa Nkhata Bay pakati pa usiku, basi ndinaipeza, ndinadyanso chipisi pa depoti.

Mwana wa pa Chipyela, Rosettenville

Unali mwezi wanji, achimwene?

Wa ku Mbamba, Diepsloot

Okutobala. Chabwino, ndamva.

NyaManda, Cosmo City

Ada, ine ndine wa ku Chintheche. Ndisanabwere kuno ndinkapikula nsomba kuzilumbako, ndiye sitimayo ndaikwera kosawerengeka. Pa mawu a achimwene a ku Likoma sindichotsapo kanthu. Koma mwandikhumudwitsa pang'ono pomwe mukuwerengera mayi ngati thumba la simenti loti litsike apa likwere apo. Tinene kuti sitima yasunga nthawi. Munthu wakhala pamchenga, wanyowa, wasanza usiku wonse, m'mawa mwake mumukweze basi ya masiku awiri kapena atatu kudzera ku Tete ndi ku Harare? Adzafika kuno miyendo itatupa, woyamba kusamalidwa adzakhala iwowo osati khanda.

Za kogona musadandaule. Munthu wa ku Chizumulu wopanda m'bale pa Nkhata Bay kapena ku Mzuzu sindinamuonepo. Funsani akazi anu mwaulemu, osati mokangana, akutchulirani nyumba zitatu. Inu mungotumiza kangachepe pa Mukuru ka shuga ndi sopo ka pakhomo pomwe akafikirepo. Ndiwo ndiye musatumize, adzanyamula okha.

Sabata imeneyonso sidya masiku awo a kuno. Masiku 30 amene amatidindira aja amayambira pa Beitbridge. Pamenepo ndi pomwe muwerengere bwino masamu anu aja, chifukwa akalowa pakati pa Julaye, pakati pa Ogasiti ayenera kukhala atatuluka, ndipo mwana akachedwa kubadwa adzangokhala naye masiku ochepa. Akapitirira masiku, potuluka amawaletsa kulowanso chaka chathunthu, ndipo akapitirira kuposa masiku 30 chiletso chake ndi zaka 5. Musawalakwitse mayi a eni.

M'sitimamo muli magawo. Pansi, kotchipa, ndi komwe tinkakwera ife a nsomba. Mabenchi, madengu, nkhuku, mikoko ya nthochi, fungo la dizilo losakanikirana ndi la usipa, ndipo mwera ukavuta mmodzi akangoyamba kusanza onse amatsatira ngati nyimbo ya kwaya. Pali sekondi kalasi, pali pamwamba pa deki pomwe pali bala, palinso tizipinda ta mabedi tokwera mtengo. Pa ulendo wa maola ochepawu chipinda n'kutaya ndalama. Ine ndikanati sekondi kalasi. Pamwamba mseru umachepa chifukwa cha mpweya, koma usiku wa Julaye kumazizira koopsa, munthu wamkulu sangapirire. Bulangete ndi juzi asasiye. Kunonso akubwera m'nyengo yozizira, ndiye zigwira ntchito mpaka pa Park Station.

Tsiku lowoloka asadye zamafuta. Tiyi, chinangwa chophika pang'ono, ndi ndimu m'thumba yomanunkhiza. Ndalama za tikiti ndi za anyamata onyamula katundu zikhale zapamanja, zing'onozing'ono, osadalira za mufoni pagombe usiku. Pokwera manja onse awiri akhale opanda kanthu. Chitenje amange cholekeza m'mawondo, m'kati avale thalauzi, asachite manyazi, tonse tinkatero. Ndipo pakhale mnyamata wa pabanja wowaperekeza mpaka kutsidya, wina kukoka kutsogolo iye kukankha kumbuyo. Tikiti yake mulipire inu. Sitima ikamabwerera kummwera imanyamuka pa Nkhata Bay Lolemba usiku, abwerera nayo yomweyo.

Ikafika pakati pa usiku asathamangire kukasaka galimoto mumdima. Ife tinkadikira kuti kuche tili pa jeti pomwepo, anthu amakhala ambiri, ndipo sitimayo imagona pomwepo isanapitirire ku Usisya, Ruarwe mpaka ku Chilumba.

Kabaza, Tembisa

Kkkkk bambo a Tadala, mwana wachiwiri ali m'njira koma kwa apongozi simunakagwireko ngakhale khasu? Chikamwini munachithawira ku Joni eti. Disembala ino tikuoneni pa boti lija, ine ndidzajambula.

Madala a ku Mayfair

Ana inu, sitima mukuinenayi ndi mkulu wanga. Anaipanga ku Scotland mu 1949, kwa Yarrow ku Glasgow, n'kuibweretsa zidutswazidutswa kudzera ku Beira, kenako panjanji mpaka ku Chipoka. Inayamba kunyamula anthu mu 1951. Dzinalo ndi la dera la Ilala ku Zambia, kumene David Livingstone anafera mu 1873. Bambo anga pobwera kumigodi ya kuno ulendo ankauyambira pa sitima yomweyi kuchokera ku Usisya, poti kwathu mapiri anatitsekera kumbuyo ndipo msewu wodalirika unali nyanja. Akamabwerera tinkamva hutala n'kuthamangira kugombe kukaona ngati m'boti muli munthu wa chipewa ndi sutikesi yachitsulo. Zaka zambiri munalibe.

Koma ndalowerera, ndimafuna ndinene za kuchedwa. Achinyamata mumakwiya woyendetsa akati tidikire mphepo itsike. Ife tinakula tikumva za sitima ya Vipya. Inamira pa 30 Julaye 1946 kumpoto cha ku Chitimba, ili yatsopano, itakumana ndi namondwe, ndipo anthu 145 anathera momwemo. M'midzi ya m'mbali mwa nyanja munali mabanja amene ankalirabe ine ndikukula. Onani mweziwo, bambo a Tadala. Ngakhale tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene mnyamata wa pa Chipyela amanyadira, chomwe anayamba kumanga mu 1903, Bishopu Chauncy Maples sanachione. Anamira m'nyanja yomweyi mu 1895 ali paulendo wa ku Likoma, manda ake ali ku Nkhotakota. Ndiye sitima imene yatha zaka zoposa 70 ikuwoloka madzi amenewa, ikachedwa ine sindiitukwana.

Sindikukuopsezani ayi. Apongozi anuwo anabadwira panyanja, mtambo ndi mafunde amaziwerenga kuposa tonsefe tili pano. Koma mmene ndawerengera, mwafunsa mapu, mwafunsa mnzanu wa ku Ekwendeni, mwafunsa ife. Eni ulendowo mwawafunsa kuti akufuna kuwoloka liti?

Bambo a Tadala, Turffontein

Zikomo nonse, ngakhale inu a Kabaza. Madala, mwandilasa. Kwathu mkamwini sachita kuimbira apongozi foni n'kumacheza nawo ngati mnzake, ndiye zonse ndinkadutsira kwa mayi a Tadala, omwenso ndinali nditakangana nawo. Dzulo usiku ndinawawerengera zonse mwalembazi. Pa nkhani ya patapata anaseka mpaka kugwira mimba, akuti iwo ali kusekondale anatayako awiri, onse akumanja.

Kenako tinaimba limodzi pa WhatsApp, pafoni ya alamu anga. Ine ndinangopereka moni n'kukhala chete. Apongozi akuti iwo anakonza kale zowoloka Loweruka lomwe ananena mwana wawo, akafikira kwa ang'ono awo pa Nkhata Bay, ndipo amangodikira kuti ana a ku Joni amalize kukangana. Chinangwa akuti anaviika kale kuti ufa uume nthawi ilipo. Alamu anga awaperekeza, ndipo mnzanga wa ku Ekwendeni akuti akawatenga yekha pa Nkhata Bay Loweruka, akagone ku Mzuzu. Za masiku 30 zija, a NyaManda, ndalemba pakalendala, tikiti yobwerera tigula akangofika.

Tsopano pabuka ina. Katundu amene atchula ndi uyu: thumba la ufa wa kondowole, dengu la usipa, utaka wowamba, ndi mphika wadothi woti azidzaphikira madzi osambitsa mwana. Ndinayesa kunong'ona kuti ufa kuno uli mbwee m'mashopu, mayi a Tadala anandiponda phazi. Zonsezi zikwera bwanji pa boti mwanena lija? Nanga a basi sadzatipha ndi mtengo?

Mwana wa pa Chipyela, Rosettenville

Ufa wa m'shopu ndi kondowole musadzaziyerekezenso pamaso pa achemwali, alamu, phazi linalo lingapondedwenso.

Katundu sakwera ndi mwini wake. Amapatsirana, wa m'boti kuponyera wa m'sitima, mumdima, ndiye chilichonse chilembedwe dzina ndi zilembo zikuluzikulu ndipo alamu anu aziwerenga akangokwera. Ufawo authire kaye m'pulasitiki yaikulu, amange zolimba, kenako ndiye m'thumba, chifukwa pansi pa boti pamakhala madzi ndipo ufa wa kondowole ukanyowa fungo lake mudzalimva basi ikadali ku Harare. Nsomba azichotse m'dengu akafika pa Nkhata Bay, aziyanikenso kaye poti masiku alipo, n'kuziika m'katoni yomanga ndi chingwe. Mtengo wa katundu mnzanu wa ku Ekwendeni akafunsiretu ku ofesi ya basi sabata ino, asadikire tsiku lonyamuka pomwe aliyense amatchula zake. Mphikawo aukulunge m'bulangete, pa boti anyamule alamu anu, m'basi aufungate okha.

Tsiku lofika mundiuze, Rosettenville ndi Park Station si patali, ndidzabwera kudzathandiza kunyamula thumbalo. Kondowole ndinadya komaliza pa Khirisimasi ya chaka chatha.